MBIRI YA NJINGA ZA ONSE

Tonsefe timaidziwa njinga. Imatinyamulira cimanga kupita ku cigayo. Imanyamula makala, nkhuni ndi mbatata kupita ku msika. Munthu akadwala usiku, njinga ndiyo imamufikitsa ku cipatala.

Kwathu kuno njinga iliyonse ili ndi mwini wake. Tikafuna kubwereka, timapita kwa mwiniyo, timaodira, timakhala pansi ndi kupempha. Iye amadziwa dzina lathu, amadziwanso khomo lathu. Tayala likaphulika panjira, timamata tisanabweze, cifukwa mawa tidzafunanso kubwereka.

M'mizinda ikuluikulu ya maiko ena muli njinga za mtundu wina. Zimaima m'mbali mwa mseu, zambirimbiri, zofanana maonekedwe. Munthu aliyense angathe kutenga imodzi, kupalasa ulendo waufupi, ndi kuisiya kumene wafika kuti wina aitengenso. Sapita kukapempha kwa munthu. M'phunziro lino tizipatsa dzina lakuti njinga za onse.

Nzeru imeneyi inayamba m'caka ca 1965. Inalephera kangapo isanayambe kuyenda bwino. Nthawi zonse funso linali limodzi: njinga ikakhala ya onse, woisamala ndani? Tiyeni tione mmene mizinda inayankhira.

1. Ulendo waufupi wa m'mzinda

Munthu wa m'mzinda waukulu amagona kutali ndi kumene amagwira nchito. M'mawa amakwera basi kapena sitima. Akatsika, pamatsala makilomita awiri kapena atatu kuti afike. Akayenda pansi, acedwa. Akakwera galimoto, ndalama zimuthera, ndiponso magalimoto amathithikana m'misewu mpaka woyenda pansi kuwapitirira. Utsi wake umadwalitsa anthu cifuwa.

Njinga ikanamuthandiza, koma njinga yake yatsala kunyumba. Ena amakhala m'nyumba zosanja, m'tizipinda topanda malo osungira njinga. Akaisiya panja, akuba atenga.

Tionenso ici. Njinga ya munthu mmodzi imayenda m'mawa ndi madzulo basi. Usana wonse imangoima. Njinga yomweyo ikanatha kuthandiza anthu angapo pa tsiku limodzi. Apa ndi pamene panacokera nzeru ya njinga za onse.

2. Njinga zoyera za ku Amsterdam

Amsterdam ndi likulu la dziko la Holland, ku Ulaya. Dzikolo lilibe mapiri, ndipo anthu ake anazolowera kupalasa njinga kuyambira kale. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, anthu anayamba kupeza ndalama, nagula magalimoto. Pofika m'zaka za m'ma 1960, misewu yopapatiza ya mzindawo inadzaza. Ngozi zinaculuka. Akuluakulu ambiri ankaona ngati njinga ndi cinthu cakale cimene catha nchito.

Mumzindamo munali gulu la acinyamata, dzina lake Provo. Iwo ankatsutsa zambiri zimene akuluakulu ankacita. Mmodzi wa iwo, Luud Schimmelpennink, anati pakati pa mzinda magalimoto acokepo, m'malo mwake pakhale njinga zaulere. M'mwezi wa Julaye 1965 acinyamatawo anatenga njinga zocepa, nazipaka utoto woyera, nazisiya pamseu zosakhoma. Anagawa timapepala touza anthu kuti njinga yoyera ndi ya aliyense.

Zimenezi sizinakhalitse. Apolisi anazilanda njingazo, ponena kuti lamulo silinkalola kusiya njinga pamseu yosakhoma, pakuti kutero nkuitana akuba. Zina anthu anapita nazo kwao osabweza.

Schimmelpennink sanagwe mphwayi. Mu 1967 analowa m'bungwe loyendetsa mzindawo. Kumeneko anapempha kuti boma la mzinda ligule njinga zoyera zikwizikwi, lizizikonza, ndipo anthu azikwera ulere. Anzake a m'bungwemo anakana. Njinga zoyera zinathera pomwepo, koma mbiri yake inafika kutali.

3. Ena ayesanso

Mu 1976 mzinda wa La Rochelle, m'mbali mwa nyanja ku France, unayesa. Mfumu ya mzindawo, Michel Crépeau, inaika njinga zacikasu mazana angapo. Uku kunali kusiyana kumodzi ndi ku Amsterdam: njinga zinali za boma la mzinda, ndipo panali anchito oziyang'anira. Pambuyo pake anakhwimitsa malamulo, kuti wobwereka azidziwika. Nchitoyo inapitirira zaka zambiri.

Mu 1993 mzinda wa Cambridge ku England unaika njinga zobiriwira pafupifupi 300, zaulere, zosakhoma. Posakhalitsa zambiri zinasowa. Nchitoyo inatsekedwa.

Koma ku Holland komweko kuli malo amodzi kumene njinga zoyera zaulere zakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mpaka lero. Malowo ndi nkhalango yosungiramo nyama ya Hoge Veluwe. Muli njinga zoposa 1,000. Mlendo amatenga iliyonse, sakhoma, salemba dzina. Nanga bwanji sizisowa? Nkhalangoyo ndi yozingidwa ndi mpanda. Anthu amalowa ndi kutuluka pa zipata, ndipo njinga yoyera siloledwa kutuluka. Mkatimo muli amisiri ozikonza.

Mzinda ulibe mpanda. Conco anthu anayenera kupeza njira ina.

4. Cikole ca ku Copenhagen

Njira ina inaoneka mu 1995 ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark. Anaika njinga pafupifupi 1,000. Iliyonse inamangidwa ndi unyolo pa malo ake oimikira. Malo otere tingati ndi khola la njinga. Wofuna kukwera ankalowetsa ndalama yacitsulo ya makrona 20 m'kabowo ka loko, ndipo loko ankatseguka. Akabweza njinga m'khola lililonse ndi kuimanganso, ndalama yake inkatuluka. Ndalamayo inali cikole, monga mmene ife timasiyira kanthu kwa munthu amene watikongoza.

Anacitanso zina zocenjera. Njingazo anazipanga zolemera ndi zolimba. Matayala ake sankaphulika wamba. Zitsulo zake sizinkalowa pa njinga zina, kotero wakuba sakanapindula pozimasula kuti akagulitse. Pa magudumu ake panali maina a makampani otsatsa malonda, ndipo makampaniwo ankalipira ndalama zothandiza pa nchitoyo. Anaikanso malire: njinga isatuluke m'cigawo ca pakati pa mzinda.

Zinthu zinayenda bwino kuposa kale, koma vuto silinathe. Makrona 20 anali ndalama yocepa poyerekeza ndi mtengo wa njinga. Cinanso, ndalama ilibe dzina. Njinga ikasowa, palibe amene ankadziwa woitenga. Ena ankaisunga kunyumba masiku ambiri ngati yaoyao. Caka ciliconse njinga zambiri zinkasowa. Nchitoyo inatsekedwa mu 2012, itayenda zaka 17.

Akuluakulu athu anati: culuke culuke ngwa njuci, umanena iyo yakuluma. M'mzinda wa anthu ambiri, cimene cinkasowa cinali dzina la munthu mmodzi amene watenga njinga.

5. Khadi lodziwa dzina

Dzinalo linapezeka pamene makompyuta anafala. Mu 1996 sukulu yaukacenjede ya ku Portsmouth, ku England, inapatsa ophunzira ake makhadi otsegulira njinga. Mu 1998 mzinda wa Rennes ku France unacita cimodzimodzi ndi njinga 200. Mu 2005 mzinda wa Lyon unaika zambiri, ndipo maiko ena anayamba kubwera kudzaona.

Njirayi imayenda motere. Munthu amalembetsa dzina lake, nalipira ndalama ya tsiku, ya mlungu kapena ya caka. Amalandira khadi. Pa khola pali mizati yacitsulo, ndipo mzati uliwonse umagwira njinga imodzi. Akagunditsa khadi, mzati umamasula njinga. Pomwepo kompyuta imalemba dzina lake, nambala ya njinga, malo ndi nthawi. Akabweza pa khola lina, kompyuta imalembanso. Akapanda kubweza, amudula cikole cacikulu kucokera ku banki yake.

Anapezanso nzeru yoti njinga isamacedwe m'manja mwa munthu mmodzi. Mphindi 30 zoyamba munthu saonjeza ndalama. Zikapitirira, mtengo umayamba kukwera. Motero wokwera amafulumira kubweza, ndipo mnzake amaipeza.

Pa 15 Julaye 2007 mzinda wa Paris, likulu la France, unatsegula nchito yake, dzina lake Vélib'. Mfumu ya mzinda nthawi imeneyo inali Bertrand Delanoë. Anayamba ndi njinga pafupifupi 10,000 m'makola 750, ndipo pambuyo pake zinafika pafupifupi 20,000. Makola anatalikirana mamita 300 okha, kuti munthu asayende mtunda wautali pofuna njinga. Njinga imodzi inkalemera makilogalamu 22. Cikole cinali mayuro 150.

Ndalama zogulira zonsezi zinacokera kuti? Kampani yotsatsa malonda ya JCDecaux inagula njinga, inamanga makola, ndipo inalemba anchito. Mzinda unaibwezera poipatsa cilolezo coika zikwangwani zamalonda m'misewu. Tisaiwale mfundo imeneyi. Ndalama za okwera paokha nthawi zambiri sizikwanira. Pamafunika thumba lina, la boma la mzinda kapena la kampani.

6. Anchito amene okwera sawaona

Anthu a ku Paris anazikonda njingazo. Koma m'zaka ziwiri zoyamba njinga zikwi zingapo zinabedwa, ndipo zina zikwi zingapo zinaonongedwa. Akuba ankathyola mizati. Okwera ena sankakhoma bwino pobweza. Zina zinkatayidwa mumtsinje. Khadi linacepetsa kuba, koma silinakuthetse.

Panabukanso vuto limene ambiri sanaliganizire. Ku Paris kuli citunda ca Montmartre. M'mawa anthu ankatenga njinga pamwamba ndi kutsetsereka nazo mosangalala. Madzulo sankafuna kukwera nazo citunda, ankabwerera pa sitima. Makola a pamwamba ankakhala opanda kanthu. Makola a kumunsi ankadzaza, mpaka munthu kusowa mzati woimikapo. Ife amene timapalasa m'mapiri a ku Angónia tikumvetsa bwino cifukwa cake.

Conco magalimoto ankayenda usana ndi usiku, kutenga njinga m'makola odzaza ndi kukazisiya m'makola opanda kanthu. Mzinda unalonjezanso kuti wobweza njinga pa khola la pacitunda aonjezeredwa mphindi 15 zaulere. Amisiri ankazungulira kuona mabuleki, cheni, masipoko ndi cishalo. Panali ngakhale bwato loyenda pa mtsinje wa Seine, limene mkati mwake munali malo okonzeramo njinga.

Mu 2018 nchitoyo inapatsidwa kwa kampani ina. Makola atsopano anacedwa kumangidwa, ndipo kwa miyezi yambiri anthu ankavutika kupeza njinga. Apa anthu anaona kuti anchito akafooka, njinga zonse zimafooka. Pambuyo pake zinakonzeka, ndipo Vélib' ikuyendabe.

Mizinda ina inatengera: London ndi Mexico City mu 2010, New York mu 2013, ndi ina mazanamazana.

7. Manda a njinga ku China

China ndi dziko limene kale anthu ake ambiri a m'mizinda ankapita ku nchito pa njinga. Nakonso magalimoto atabwera, misewu inadzaza. Mu 2008 mzinda wa Hangzhou unayamba njinga za onse za makola ndi makhadi. Ola loyamba linali laulere. M'zaka zocepa njingazo zinapitirira 50,000.

Kenaka panabwera njira yatsopano yopanda makola. Mu 2014 ophunzira ena a pa sukulu yaukacenjede ya ku Beijing anayambitsa kampani ya ofo, ya njinga zacikasu. Mu 2016 kampani ya Mobike inaika njinga zake ku Shanghai. Loko anali pa njinga pomwepo. Munthu ankaloza foni yake ya m'manja pa kacizindikiro ka pa njinga, nkuitsegula. Ndalama ankalipira pa foni. Akafika, ankaisiya paliponse pamene wafuna.

Anthu anasangalala, cifukwa mtengo unali wotsika ndipo njinga inkapezeka pakhomo penipeni. Eni cuma anathira ndalama zambiri m'makampaniwa. Makampani ena ambiri anabadwa. Aliyense ankafuna kuposa mnzake, ndipo anakhuthula njinga mamiliyoni m'misewu. Ozikonza anali ocepa. Njinga zinatseka njira za oyenda pansi, zipata za masukulu ndi makomo a masiteshoni. Zoonongeka zinkangogona pansi.

Mu 2017 mizinda ya Shanghai ndi Beijing inaletsa kuonjeza njinga zina. Anchito a boma anatola zosiyidwa ndi kukaziunjika m'mabwalo kunja kwa mizinda. Milu yake inali ngati zulu zikuluzikulu, zacikasu, zofiira ndi zabuluu. Anthu anati ndi manda a njinga. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Makampani ambiri anagwa. Mobike inagulidwa ndi kampani ina mu 2018. Kampani ya ofo ndalama zinaithera. Olembetsa ambiri anali atapereka cikole ca mayuani 99 kapena 199. M'mwezi wa Disembala 2018 anthu oposa 10 miliyoni analembetsa kuti abwezeredwe cikole cao, ndipo ambiri anadikira osalandira. Taonani mmene zinatembenukira. Poyamba wokwera ndiye ankathawa ndi njinga. Tsopano kampani ndiyo inalephera kubweza ndalama za wokwera.

Zitatero mizinda ya ku China inaika malamulo. Boma la mzinda limanena kuculuka kwa njinga zimene kampani iliyonse ingaike. M'mbali mwa misewu analemba mizere yosonyeza poimika, ndipo woimika kunja kwa malowo amalipitsidwa. Njinga za onse zikuyendabe ku China, ndipo anthu ambiri amazikwera tsiku ndi tsiku.

8. Nanga kuno ku Africa?

Mu Novembala 2016 mzinda wa Marrakech ku Morocco unaika njinga pafupifupi 300, pa nthawi ya msonkhano waukulu wa maiko wokambirana za kusintha kwa nyengo. Mu 2021 zinayamba ku Kigali, likulu la Rwanda. Mu 2022 zinayamba ku Cairo, likulu la Egypt. Poyerekeza ndi ku Ulaya kapena ku China, nchitozi zinayamba ndi njinga zocepa. Zifukwa zake tingathe kuziona. Njirayi imafuna foni kapena khadi la ku banki. Imafuna thumba lolipira amisiri mwezi ndi mwezi. Imafunanso misewu imene wopalasa sangagundidwe ndi galimoto.

Koma vuto la ulendo waufupi anthu a kuno analipezera yankho lao. Ku Quelimane, m'cigawo ca Zambézia, njinga zonyamula anthu ndi zambiri m'misewu. Ku Malawi amati kabaza. Ku Uganda ndi ku Kenya amati bodaboda, ndipo kumenekonso anayamba ndi njinga zopalasa asanabwere ndi njinga zamoto. Wokwera amakhala pa kaliyala woyalidwa kamtsamiro, amalipira ndalama pang'ono, nafika kumene akupita. Njinga imodzi imathandiza anthu ambiri pa tsiku, monga mmene acinyamata a ku Amsterdam ankafunira. Siyenda yokha, ili ndi munthu wake. Iye amaipukuta, amathira mafuta pa cheni, amamata chubu, cifukwa banja lake limadya kucokera pa njingayo.

9. Zimene tatolapo

Tayenda kucokera mu 1965 mpaka masiku ano. Taona kuti njinga za onse zinakhalitsa pamene panali zinthu zitatu.

Coyamba, wotenga njinga azidziwika dzina. Ku Amsterdam ndi ku Cambridge sankadziwika. Ku Copenhagen ankasiya ndalama yopanda dzina.

Caciwiri, pakhale anthu osankhidwa okonza ndi kusamutsa njinga, ndiponso thumba lowalipira. Ku Paris nchito inayenda cifukwa ca amisiri ndi oyendetsa magalimoto aja.

Cacitatu, osunga ndalama za anthu nawonso akhale ndi wowayang'anira. Ku China makampani anasiyidwa okha, ndipo anthu wamba ndiwo anataya cikole cao.

Ife m'midzi mwathu tilibe makola a njinga, koma zinthu za onse tili nazo. Tili ndi mjigo. Tili ndi nkhokwe ya gulu, ngolo ya gulu, ndipo m'midzi ina muli njinga yonyamulira odwala. Tonse tinaonapo mjigo umene unafa cifukwa ca kacitsulo kamodzi, pamene aliyense ankadikira kuti mnzake akonze. Tinaonanso mjigo umene watumikira zaka zambiri, cifukwa pali komiti, pali copereka ca pamwezi, pali buku.

Ku Paris dzina la wobwereka limalembedwa ndi kompyuta. Kwathu lingalembedwe m'kope ndi pensulo: dzina, tsiku lotenga, tsiku lobweza, ndalama zolowa ndi zotuluka. Aliyense wa ife amene waphunzira kulemba ndi kuwerengera angathe kusunga kope limeneli. Angathenso kuliwerenga pamaso pa anthu onse pa msonkhano, ndi kufunsa ngati ndalama sizikugwirizana.

Tiyeni tikambirane

1. Apolisi a ku Amsterdam analanda njinga zoyera cifukwa ciyani?
2. Njinga za m'nkhalango ya Hoge Veluwe sizikhomedwa. Nanga bwanji sizisowa?
3. Cikole ca makrona 20 cinalephera pati?
4. Makola a pa citunda ca Montmartre ankakhala opanda njinga. Mzinda unacitapo ciyani?
5. Ku China analakwa ndani: okwera, makampani kapena boma la mzinda? Fotokozani maganizo anu.
6. M'mudzi mwathu muli zinthu ziti za onse? Amazisamala ndani? Zikaonongeka, ndalama zimacokera kuti?

Tiyeni tilembe

Lembani mau awa m'makope mwanu: njinga, cikole, khola, mzinda, mmisiri, komiti.

Werengerani: kucokera mu 1965 kufika mu 2007 panapita zaka zingati?

Jambulani mizere inai m'kope. Pamwamba lembani: Dzina, Tsiku lotenga, Tsiku lobweza, Ndalama. Lembani maina a anzanu atatu a m'kalasi, ngati kuti abwereka njinga ya gulu mlungu uno.